Kamangidwe ka khoma la mizati yolumana pokumba dzenje lakuya m'nthaka yamadzi ya ku Mzuzu

Amene anakumbapo maziko kumunsi kwa Chibavi, Chiputula kapena Salisbury Line akudziwa zimene zimachitika. Mukumba lero mpaka dzuwa kulowa, mawa m'mamawa mupeza dzenje lasanduka chitsime, m'mbali mwagumukira, zikhomo zanu zikuyandama. Mzuzu ndi mzinda wa zitunda ndi madambo. Kumtunda kuli katondo wofiira amene amaima bwino kukauma, koma mukangotsetsereka pang'ono mukumana ndi dothi lakuda, mchenga wonyowa ndi madzi amene sali patali n'komwe. Mvula yathunso imachedwa kuleka. Anzathu a ku Lilongwe akamayanika chimanga, ife kuno tikadapondabe matope.

Pa nyumba wamba vutoli limatha ndi pampu komanso kupendeketsa m'mbali mwa dzenje. Koma nthawi zina pamafunika dzenje lakuya mamita 4, 5 kapena kuposa, monga la chipinda cha pansi pa nyumba yosanjikiza, thanki yaikulu kapena malo opopera madzi oipa, pamene pambali pali nyumba ya mwini kapena msewu. Malo opendeketsera palibe. Apa m'pamene timamanga khoma limene ainjiniya amalitchula kuti secant pile wall. Musanakumbe, mumaboola mabowo mozungulira malo onse, n'kuthiramo konkire, mzati uliwonse ukuluma mnzake m'mbali ngati mmene njerwa zimagwiranirana. Mukatha, pansi pamakhala mpanda wosaoneka wotchinga dothi ndi madzi, ndipo mumakumba m'kati mwake.

Mizatiyi ili ya mitundu iwiri. Yoyamba kuthira timaitcha yaikazi: konkire yake ndi yofewerapo ndipo kawirikawiri ilibe zitsulo. Yachiwiri, yaimuna, imabooledwa pakati pa yaikazi iwiri, ikudula pang'ono mbali zonse ziwiri, ndipo ndi imene imakhala ndi zitsulo ndi konkire yolimba. Yaimuna imasenza dothi, yaikazi imatseka mipata. Ndinene poyambirira kuti ntchito yonseyi yagona pa malo amene simudzawaona ndi maso, kunsi kwenikweni, kumene mizati iyenera kukhala ikulumanabe. Pamwamba ndiye aliyense amalumanitsa.

Yambani ndi nthaka

Musagule thumba la simenti ngakhale limodzi musanaboole mabowo oyezera nthaka. Akhale angapo, m'makona ndi pakati, ndipo apitirire kuya kwa dzenje lanu kwambiri, chifukwa khomalo limatsika kupitirira pansi pa dzenje. Oyezawo atenge dothi la pa mita iliyonse kapena pamene lasintha mtundu, ayeze kulimba kwake ndi muyezo wa SPT (wokhoma chitsulo m'dothi n'kuwerenga kuti chamenyedwa kangati kuti chilowe), ndipo alembe pamene akumana ndi mchenga, dongo, miyala yowola ndi thanthwe. Chimene mukufunafuna ndi dongo logwirana kapena thanthwe lopanda ming'alu, chifukwa mapazi a khoma akazikika mmenemo madzi amasowa podzera kunsi.

M'mabowo awiri kapena atatu musiyemo paipi yopyola timabowo kumunsi, yokutidwa ndi mchenga, kuti muziyezeramo pamene madzi afika. Muziyeza mlungu uliwonse ndi kulemba m'buku. Pano ndimaumirira kwambiri: muyezo wa mu Okutobala ndi wonyenga. Mukayeza nthawi ya chilimwe mupeza madzi ali pansi, injiniya n'kuwerengera khoma lopyapyala, kenako mu Malichi ndi Epulo madzi akwera pafupi ndi udzu. Amene anali mu mzinda uno mu Epulo 2016 akukumbuka mmene madzi anasefukira ndi mmene zitunda zinagumukira anthu ku Masasa. Madzi saiwala khwawa. Ngati malo anu anali dambo limene linakwiriridwa ndi dothi la m'malole, pansi pake likadali dambo. Funsani achikulire a pamalopo ndiponso suzumirani m'zitsime za oyandikana nawo. Adzakuuzani zimene mapepala sanalembe.

Kulemera kwa madzi anthu ambiri amakupeputsa. Mita iliyonse ya kuya imawonjezera mphamvu yokankha pafupifupi tani imodzi pa sikweya mita. Madzi akaima mamita 4 kuseri kwa khoma, mita imodzi ya utali wa khomalo ikukankhidwa ndi matani pafupifupi 8, dothi tisanaliwerengere.

Zotsatira zake mupereke kwa injiniya wolembetsedwa amene anagwirapo ntchito za pansi pa nthaka. Iyeyo ndiye anene kukula kwa mizati, kuya kwake, zitsulo zake ndi pamene padzakhale zochirikiza. Mumukumbutsenso za zivomezi, poti tili m'mphepete mwa chigwa cha nyanja ndipo za ku Karonga mu Disembala 2009 sitinaziiwale. Mapulani apite ku Khonsolo ya mzinda. Aitaneni a Northern Region Water Board ndi a ESCOM adzakulozereni modutsa mapaipi ndi mawaya, kenako mutsimikize nokha pokumba timaenje ndi manja. Nyumba zoyandikana muzijambule zithunzi, mng'alu uliwonse, eni ake alipo.

Poponda makina, ndi khoma lolondolera

Makina oboolera mizati yotere amalemera matani makumi angapo ndipo ndi aatali. Kuno kwathu sapezeka wamba. Amachita kubwera pa lole kuchokera kutali, choncho tsiku lililonse limene angokhala ndi ndalama zotayika. Asanafike, salazani malo, thirani miyala ya kwale yochindikala monga wanenera injiniya, tsenderani bwino, ndipo kumbani ngalande zochotsa madzi a mvula. Makina akapendekeka pa dothi lofewa, dzenje limapendekeka nawo, ndipo akagwa amapha anthu.

Kenako mangani khoma lolondolera. Awa ndi makoma awiri aafupi a konkire ya zitsulo, kuya kwake theka la mita mpaka mita imodzi, oyang'anizana motsata mzere wonse wa khoma. M'kati mwake mumakhala mozungulirazungulira molingana ndi mzati uliwonse, motakasuka pang'ono chabe kuposa paipi yoboolera. Mawonekedwe amenewa mumawapeza poika zikombole zachitsulo kapena zamatabwa musanathire konkire. Woyeza malo akhome pakati pa mzati uliwonse ndi makina ake, tepi yokha isakukwanireni. Konkire ikauma, lembani manambala ndi penti: 1, 3, 5 yaikazi, 2, 4, 6 yaimuna.

Ena amafuna kulumpha gawo limeneli poti khoma lolondolera limadzaphwanyidwa pambuyo pake. Ine sindilola. Taonani masamu ake.

Tinene kuti mizati ndi ya mamilimita 600 m'mimba mwake, ndipo kuchokera pakati pa wina kufika pakati pa mnzake ndi mamilimita 450. Ndiye kuti ikulumana mamilimita 150, kutalika ngati chikhatho. Tsopano mzati wa mamita 10 ukapendekeka sentimita imodzi yokha pa mita iliyonse, kunsi wachoka pamalo ndi mamilimita 100. Mnzake akapendekera mbali ina chimodzimodzi, asiyana ndi mamilimita 200. Kulumana kuja kwatha, ndipo patsala mpata wa mamilimita 50 umene madzi ndi mchenga zidzadutsamo usana ndi usiku. Sentimita imodzi pa mita diso silingaione. N'chifukwa chake pa khoma lotchinga madzi ainjiniya amafuna kupendekeka kosaposa 1 pa 200, ndiye kuti theka la sentimita pa mita. Pamenepo, zitavuta chotani, mizati iwiri ija imakhala ikugwiranabe ndi mamilimita 50. Dzenje likamapita kuya, pemphani kulumana kokulirapo kapena mizati yonenepa, ya 750 kapena 900.

Masamu omwewa akuthandizani kugula zinthu. Dzenje la mamita 20 ndi 15 lili ndi mamita 70 kuzungulira, ndiye mizati pafupifupi 156. Uliwonse wa mamita 10 umadya konkire pafupifupi makyubiki mita 2.8, ndipo muwonjezerepo chifukwa dothi lofewa limameza yambiri.

Mizati yaikazi

M'nthaka yamadzi boolani ndi paipi yachitsulo yoteteza bowo, imene pamalo a ntchito timangoiti casing. Imazunguliridwa n'kumatsika, dothi likuchotsedwa m'kati mwake, ndipo mlomo wake uzikhala patsogolo pa chokumbira nthawi zonse. Mukafika pa mchenga wamadzi, thirani madzi m'paipimo kuti akhale pamwamba kuposa a m'nthaka, apo ayi mchenga umafwamphukira m'kati n'kusiya mphako kunja, pansi pa nyumba ya mnzanu. Ilipo njira ina ya CFA, yoboola ndi chitsulo chopota chachitali n'kupopa konkire potuluka. Ndi yachangu, koma pa kuwongoka imagonja kwa casing, ndiye pa dzenje lakuya ine ndimasankha casing.

Mamita atatu oyambirira ndiwo amaweruza mzati wonse. Ikani levulo yaitali mbali ziwiri za paipi, kutsogolo ndi m'mbali, ndipo muyeze mita iliyonse. Paipi ikayamba kukhota, uzani woyendetsa aikweze ayambirenso. Ikalowa mamita asanu ili yokhota, palibe angaiwongole.

Musaboole pafupi ndi mzati umene konkire yake ikadali yamadzi. Mukathira nambala 1, lumphani mupite ku 7 kapena 9, mubwerere ku 3 mawa lake. Mukaumirira kutsatana, konkire ya 1 imathawira m'bowo latsopano ndipo mudzaona mutu wake ukutsika.

Konkire ya mizati yaikazi ikhale yochedwa kulimba, ya simenti yochepa. Ena amasakaniza ndi bentonite, dongo lina lofufuma likanyowa. Cholinga n'chakuti idulike bwino koma isalole madzi. Yesani kasakanizidwe kake milungu ingapo ntchito isanayambe, ndi mchenga komanso miyala yomweyo imene mudzagwiritse ntchito.

Tsiku lodula

Apa m'pamene pamaoneka luso la kapitawo. Mukadula mzati waukazi msanga, umanyenyeka ndi kugumukira m'bowo. Mukachedwa, walimba ngati mwala, mano a casing amatha, ndipo choipa kwambiri paipi imathawa kolimba n'kupatukira kofewa. Kawirikawiri nthawi yabwino imakhala pakati pa masiku awiri ndi sabata imodzi, mphamvu yake isanafike 10 MPa (MPa ndi muyezo wa kulimba kwa konkire), koma musadalire kalendala. Kuzizira kwa ku Mzuzu mu Juni ndi Julaye kumachedwetsa simenti, pamene mu Okutobala konkire yomweyo imalimba mothamanga. Umbani timabokosi ta konkire yomweyo toyezera kulimba kwake tsiku lililonse, tiphwanyidwe pa tsiku la 2, la 3, la 5 ndi la 7, ndipo manambala amenewo ndiwo akuuzeni. Onetsetsaninso kuti yaikazi iwiri imene mukudula pakati pake ndi ya msinkhu wofanana. Wina akakhala wa masiku atatu mnzake wa masiku khumi, paipi ipendekera kwa wamng'onoyo.

N'chifukwa chake musathire yaikazi yambirimbiri kuti muoneke kuti ntchito ikuyenda. Thirani yokhayo imene mungathe kudula m'masiku ake, poganiziranso Lamlungu, maliro ndi tsiku limene makina angafe.

Bowo la mzati waumuna likafika kuya kwake, yezani ndi tepi yomangirira chitsulo, chotsani matope a pansi, muyezenso. Tsitsani zitsulo zolukidwa kale, zokhala ndi timawilo ta konkire m'mbali kuti pakati pa chitsulo ndi dothi pakhale mamilimita 75. Zikoloweni pamwamba kuti zisamire kapena kuyandama.

Konkire yake ndi yolimba, ya 30 MPa kapena monga walembera injiniya, ya miyala yosaposa mamilimita 20, ndipo yoyenda yokha ngati phala: pa muyezo wa slump (woona mmene mulu wa konkire umatsikira mukachotsa chikombole) izitsika mamilimita 180 mpaka 220. Kufewa kumeneku kuchokere ku mankhwala ofewetsa konkire. Wowonjezera madzi ndi ndowa mumuletse pomwepo. Vayibuleta, makina onjenjemeretsa konkire, siilowa mmenemu.

M'bowo lamadzi konkire sitiiponya kuchokera pamwamba, chifukwa simenti imasukuluka n'kutsala miyala yokha. Timagwiritsa ntchito paipi ya tremie, yofika pansi penipeni, yokhala ndi fanulo pamwamba. Ikani chotsekera chofewa m'paipimo kuti konkire yoyamba isasakanikirane ndi madzi, thirani mokwanira nthawi imodzi, ndipo kuyambira pamenepo mlomo wa paipi ukhale womira m'konkire mamita osachepera 2 mpaka kumaliza. Konkire imakwera kuchokera pansi, ikukankhira madzi ndi matope kumwamba. Pozula casing, konkire ya m'kati izikhala pamwamba kwambiri kuposa mlomo wake.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Pamalo ena chosakanizira chinafa mzati uli pakati, ndipo tinadikira kupitirira ola. Poyambiranso konkire inakana kutsika, mnyamata wa pa fanulo n'kukweza paipi ya tremie kuti aigwedeze. Anandiuza motsitsa mawu kuti, "Akapitawo, ikuoneka ngati yatuluka pang'ono." Ndinamuyankha kuti, "Ibwezeremoni, achimwene, tithire," poti kunali kukuda ndipo tonse tinali titatopa. Patatha milungu isanu, tikukumba, tinapeza lamba wa matope wochindikala ngati njerwa atadula mzatiwo pakati, zitsulo zili poyera, madzi akutuluka ngati pampopi. Kukonza pamenepo kunatidyera masiku asanu ndi anayi. Chiyambire tsikulo sindiyamba mzati popanda chosakanizira chachiwiri, jenereta yodzaza mafuta ndi simenti yokwanira ili pamalo. Paipi ikatuluka, imani, lembani nambala ya mzatiwo ndi kuya kwake, muitane injiniya.

Thirani kupitirira mulingo ndi theka la mita kapena kuposa, chifukwa konkire ya pamwamba imakhala yosakanikirana ndi matope ndipo idzadulidwa. Mzati uliwonse ukhale ndi pepala lake: tsiku, nthawi, kuya, dothi limene munapeza, kupendekeka, ndi konkire imene yalowa. Ukadya yochepa kuposa masamu, bowo linafinyika penapake. Ukadya yochuluka kwambiri, pali mphako.

Kukumba

Mpanda ukatsekeka, phwanyani khoma lolondolera, dulani mitu ya mizati kufika pa konkire yabwino, ndipo mangani bimu, mtanda wa konkire ya zitsulo, pamwamba pake kuzungulira konse kuti mizati igwire ntchito ngati chinthu chimodzi. Dikirani zotsatira za masiku 28, kapena chilolezo cha injiniya.

Musanakumbe, yesani mpandawo. Kumbani chitsime m'kati, popani madzi, ndipo muziyang'ana mapaipi oyezera madzi a kunja kwa mpanda. M'kati madzi akatsika kunja osasuntha, khoma lagwira. Kunja akamatsika nawo, pali podutsa, ndipo kuli bwino kupadziwa dothi likadali m'malo.

Kumbani m'magawo. Mukafika pa mulingo woyamba umene injiniya analemba, imani, ikani bimu yopingasa m'mbali mwa khoma ndi zitsulo zochirikiza kuchokera khoma lina kufika linzake, kapena nangula zolowa m'nthaka kuseri ngati mwini malo a kumeneko walola polemba. Zikamangika m'pamene mupitirire. Woyendetsa ekisikaveta amafuna kutsika msanga poti zochirikiza zimamupinga. Kapitawo akhale pomwepo. Dothi lofukulidwa, matumba a simenti ndi malole zikhale kutali ndi m'mphepete.

M'mawa uliwonse woyeza malo aone zizindikiro za pa bimu ya pamwamba ndi pa nyumba zoyandikana. Mamilimita ochepa ndi oyembekezeka, ndipo injiniya akupatseni malire ake. Chochititsa mantha ndi kusuntha kumene kukuwonjezereka tsiku ndi tsiku.

Tsukani khoma pamene mukutsika kuti muone molumikizana monse. Chinyontho ndi timadontho siziyenera kukudetsani nkhawa, khoma lotere silikhala louma ngati la m'chipinda chogona. Yang'anani mtundu wa madzi. Oyera angathe kudikira. Mutsekepo ndi simenti youma msanga, kapena muikepo kapaipi kotulutsa madzi n'kupoperamo mankhwala otseka pambuyo pake. Koma madzi ofiirira kapena otuluka ndi mchenga akutanthauza kuti dothi la kuseri likuthawa. Pamenepo unjikani dothi kapena matumba a mchenga nthawi yomweyo, ntchito iime, ndipo kuseriko mupoperemo simenti yamadzi. Chimodzimodzi mukaona pansi pa dzenje pakubwadamuka ngati phala pamoto, kapena pakunjenjemera mukapondapo: madzi akudzera kunsi kwa khoma. Tulutsani anthu, zimitsani pampu, lolani madzi akwere kapena bwezeranimo miyala. Kupopa mwamphamvu pa nthawi yotere kumangokokera mchenga wambiri.

Madzi opopa ayambe adutsa m'dzenje lodikhitsira matope asanalowe m'ngalande. Ambiri kumunsi amamwa za m'zitsime ndi kuthirira madimba, ndipo madzi a simenti amawotcha mbewu. Makwerero akhale awiri, mbali zosiyana. Jenereta ndi pampu ya petulo zikhale kumwamba, chifukwa utsi wake umakhazikika pansi pa dzenje ndipo umapha mwakachetechete. Mpanda wa malata ndi mlonda zisasowe, poti ana a m'makomo athuwa dzenje la madzi amaliona ngati dziwe losambira.

Mukafika pansi, musasiye dothi pamtunda usiku wonse. Tsiku lomwelo thirani miyala yodutsa madzi ndi konkire yopyapyala, kenako silabu ya zitsulo yolumikizidwa ku mizati, yokhala ndi lamba wotchinga madzi molumikizana monse. Ngati chipindacho n'chofunika kuuma, mangani khoma lina la konkire m'kati, kapena siyani kampata kotsogolera madzi ku kadzenje ka pampu. Zochirikiza muzichotse kuyambira pansi, chilichonse pokhapokha silabu ya pamenepo italimba n'kutenga katundu wake.

Pampu musaizimitse tsiku limene silabu yauma. Chipinda chotsekeka bwino m'nthaka yamadzi chimakhala ngati bwato: madzi akakwera mamita 4 kunja, amakankha silabu kuchokera pansi ndi matani 4 pa sikweya mita iliyonse, ndipo pa dzenje lathu lija la mamita 20 ndi 15 amenewo ndi matani 1,200. Injiniya awerengere kuti nyumba ifike pati kuti kulemera kwake kupose pamenepo, alembe papepala, ndipo kufikira tsikulo pampu ziwiri zikhale pamalo, ina ikugwira ntchito ina ikudikira, ndi munthu wogona pomwepo woziyang'anira.